Malume anga a ku Lisungwi ndi nkhani ya fodya wamkulu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ambirife timaikamba monong'ona. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo chibadwire sindidasutepo ngakhale ndudu ya fodya wamba. Koma mwezi wa Okutobala wapitawu ndidayenda ulendo wa ku Lisungwi, m'boma la Neno, kukalemba kalata yokhudza chamba. Mwini kalatayo ndi malume anga, mlongo wawo wa malemu mayi anga, amene manja awo tsopano sangathenso kugwira bolopeni. Dzina lawo ndi la mudzi wawo sinditchula, ndipo chifukwa chake muchiona kutsogoloku.

Uthenga udabwera pafoni kudzera mwa azakhali. “Malume ako akuti ubwere ndi kope. Akuti usachedwe.” Mawu oti usachedwe akachokera pakhomo pamene pali matenda, munthu sufunsa kawiri.

Ndidakwera minibasi pa Wenela mu Blantyre m'mawa wa Loweruka. Anyamata ambiri oitanira pamalopo sadziwa kuti dzinali ndi la bungwe limene linkalemba amuna athu ntchito ya kumigodi ya ku Joni. Malume nawo adatengedwa ndi bungwe lomweli mu 1970, ndipo nkhani yonse ndikufotokozayi idayambira pamenepo.

Msewu wopita ku Zalewa ndi wotsetsereka, ndipo kutentha kumakula pamene ukutsika. Pa Lunzu padali kamphepo, pa Lirangwe anthu adayamba kutsegula mawindo, pofika pa Mdeka mwana amene adali pamiyendo pa mayi woyandikana nane adali atavulidwa malaya. Minda idali youma gwa, malambe ataima opanda tsamba, m'mbali mwa msewu muli matumba a makala ondandalikidwa. Pa Zalewa, pamene msewu umawoloka Shire n'kugawikana, wina kupita ku Balaka ndi ku Lilongwe, wina kukhotera ku Mwanza ndi ku Tete, apolisi adatiimitsa pachipata chawo. Amene amawerenga nyuzi akudziwa kuti pachipata chimenechi pagwidwa matumba ambiri a chamba opita kummwera. Wapolisi adatsegula chikwama changa napezamo shuga, sopo, buledi ndi kope latsopano lopanda kanthu. Adandibwezera n'kundifunira ulendo wabwino.

Kuchokera apo ndidakwera kabaza wa njinga yamoto. Nditatchula mudzi ndi pakhomo pamene ndikupita, mnyamatayo adacheuka. “Kwa agogo a chamba aja?” Adafunsa mosanyoza, monga mmene munthu angafunsire kuti kwa agogo osoka mphasa aja. Ndidavomera.

Amene sadafikeko amaganiza kuti Neno ndi dziko limodzi, koma alipo maiko awiri. Kumtunda, cha kwa Dambe, n'kozizira, kumalimidwa kachewere ndi tirigu, ndipo manachesi a ku Neno ndi ku Mwanza amadziwika dziko lonse. Kumunsi kuno, ku Lisungwi, ku Matope ndi ku Zalewa, n'kuchigwa: dzuwa loswa mtengo, thonje, mbuzi, masawu, makala, ndi mvula yosadalirika. Mtsinje wa Lisungwi umatsika kuchokera kumapiri kukathira mu Shire. Nthawi ya dzinja umakokolola minda, koma mu Okutobala ndidaupeza utaonda, mchenga uli mbee, amayi akuchapa m'timadziwe, ana akuwoloka madzi osafika m'mawondo. Chapafupi pomwepo, pa Nkula ndi pa Tedzani, Shire amapukusa magetsi amene timayatsa ku Blantyre, koma pakhomo pa malume usiku amaunikira tochi.

Ndidawapeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa nimu. Munthu amene ankanyamula yekha belo la thonje adali atatha, mafupa okhaokha. Madokotala adawapeza ndi khansa imene idayambira kunjira ya mkodzo n'kufalikira m'mafupa a msana. Koma maso ndi pakamwa zidali zomwe zija.

“Wafika, mphwanga? Kope wabwera nalo?”

“Ndabwera nalo, malume. Koma ndimve kaye mmene mwadzukira.”

“Kudzuka ndadzuka. Za mawa ndiye mwini wake ndi wina. Khala pansi.”

Nkhani yawo ndidaimva kambirimbiri ndili mwana, koma tsikuli ndidaimvetsera ndi khutu lina. Ku Joni ankaboola miyala pansi pa mgodi wa golide. Mu Epulo 1974 ndege imene idanyamula anthu ochokera kumigodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 adafera pomwepo. Kamuzu adaletsa Wenela kulembanso anthu, amuna zikwizikwi n'kubwerera kumudzi. Malume adabwera ndi wailesi, njinga, jekete lachikopa ndi chifuwa chosatha. Usiku ankabanika, ankagona chokhala, nsima osaifuna. Mnzawo wina wa ku Lesotho, amene ankagona naye chipinda chimodzi kukomponi, ndiye adawauza kuti kwawo munthu wobanika amamupatsa masamba a matekwane, chomwe kuno timati chamba.

“Poyamba ndinkasuta,” adatero malume. “Koma ndidaona kuti utsi ukungowonjezera chifuwa. Mapapo amene adadya fumbi sangachire ndi utsi. Ndidasiya, n'kuyamba kumwa ngati tiyi, pang'ono, usiku wokha. Sindikunena kuti chidandichiritsa, iyayi. Chifuwa ndili nachobe. Koma ndinkagona, ndinkadya, m'mawa n'kunyamula khasu. Ana asanu ndidawalera ndi tulo timeneto.”

Mu 1986 munthu wina adakawaneneza. Apolisi adapeza mitengo inayi kuseri kwa khola la mbuzi. Lamulo la mankhwala oopsa, limene tidatengera kwa atsamunda m'zaka za m'ma 1950, silinkasiyanitsa wodwala ndi wogulitsa. Woweruza atawafunsa ngati ali ndi mawu, iwo adati, “Bwana, amenewa ndi mankhwala anga.” Bwalo lonse lidafa ndi phwete. Adakaseweza miyezi isanu ndi umodzi. Mayi anga adatha chaka osatchula dzina la mlongo wawo, ndipo ife kusukulu anzathu ankatiloza zala. Aliyense ankayembekeza kuti akatuluka akhala chete. Iwo adatuluka n'kugula kope.

Adauza azakhali kuti atulutse chitini cha mabisiketi chimene chimakhala pansi pa bedi. M'menemo muli moyo wawo wonse: makalata olembera aphungu, mabwanamkubwa ndi nyumba zoulutsira mawu, pamodzi ndi timapepala todula m'nyuzi. Nthawi ya chipani chimodzi ankangolemba n'kusunga, poti ankadziwa kumene pakamwa pankafikitsa anthu. Itafika 1994 adayamba kutumiza. Yankho silidabwere ndi limodzi lomwe.

Kapepala kena, kofiirira ndi ukalamba, n'ka chaka cha 2000. Chaka chimenecho a Joe Manduwa, omwe adali wachiwiri kwa nduna ya zamalimidwe, adadzidzimutsa dziko pouza Nyumba ya Malamulo kuti Malawi aganizire zololeza kulima chamba ngati mbewu ya ndalama m'malo modalira fodya yekha. A Manduwa adali phungu wochokera m'boma la Mwanza, ndipo nthawi imeneyo Neno idali mbali ya Mwanza, poti idakhala boma palokha mu 2003. Malume akuti adamva pawailesi, napalasa njinga mpaka pa Zalewa kukasaka nyuzi. “Ndidati lero wamisala si ine ndekha, wina ali ndi galimoto ya boma.” Nkhaniyo idazilala. Idadzukanso mu 2015 pamene a Boniface Kadzamira, phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, adaibweretsa m'Nyumbamo, aphungu anzawo ena n'kuwaseka. Chaka chomwecho ku Chitedze adayamba kuyesa kulima mtundu wa chamba chosaledzeretsa chimene chimapanga zingwe, nsalu ndi mafuta.

Mu Febuluwale 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo kudakhazikitsidwa bungwe loyang'anira ntchitoyi la Cannabis Regulatory Authority. Dziko lathu lidatsata Lesotho, imene idayamba kupereka zilolezo mu 2017, ndi Zimbabwe, imene idatero mu 2018. Tsiku limenelo malume adapha tambala. Chimwemwecho chidatha kumapeto kwa chaka pamene mitengo ya zilolezo idalengezedwa: madola 10,000 a ku America kuti munthu alime chamba cha mankhwala, ndalama zoposa K7 miliyoni pa nthawiyo, ndi madola 2,000 kuti alime cha m'mafakitale. Malume adali ndi mbuzi zisanu ndi zitatu. Mu 2021 atamva kuti unduna wa zamalimidwe walembera kalata katswiri wa nkhonya Mike Tyson kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi, akuti adaseka mpaka kutsokomola. “Ine ndalemba makalata chitini chodzaza, osandiyankha. Iwo kalata yawo adakalembera munthu wa ku America.” Mu Malichi 2024 aphungu adagwirizana zoti chamba chathu cha makolo nachonso chizilimidwa ndi chilolezo. Koma wopezeka nacho alibe chilolezo amamangidwabe, ndipo alimi ambiri amene adasonkha ndalama m'makopaletivi akhala akudandaula kuti msika sadauone. Pa zaka zonsezi malume sadalandirepo ngakhale dontho limodzi lochokera m'minda ya zilolezoyo. Pamphasa paja, pamaso pa lamulo, akadali munthu wolakwa. N'chifukwa chake dzina lawo ndalibisa.

Ndikadalekera pamenepa ndikadakhala kuti ndakunamizani. Madzulo a tsikulo ndidaperekeza azakhali kudimba m'mphepete mwa mtsinje. Atathirira mpiru mizere iwiri adaika kheni pansi.

“Ulembe zonse,” adatero. “Usalembe za malume ako zokha. Ulembenso za msuweni wako.”

Msuweni wangayo ndi mwana wawo wachitatu, ndipo kusukulu palibe amene ankamuposa masamu. Ali ndi zaka 14 adayamba kutapa masamba a bambo ake n'kumakasuta ndi anzake kumtsinje. Bambo ake adamukwapula, adazula mitengo, adabisa, koma pa nthawiyo mnyamatayo adali atadziwa kale kogula. Sukulu adasiyira Fomu 2. Atakwanitsa zaka 22 adayamba kuyankhula yekha, kenako kunena kuti wailesi ikumutukwana, ndipo usiku wina adayatsa nkhokwe ya mayi ake. Adapita naye ku chipatala cha anthu odwala maganizo ku Zomba atamumanga ndi zitenje pamatola. Lero ali ndi zaka zoposa 40, amalandira jakisoni mwezi ndi mwezi, amaweta mbuzi, ndipo ndi munthu wofatsa. Atandiona adandipatsa moni wa manja awiri n'kundifunsa ngati ndikadaphunzitsabe.

“Malume ako amati mtengowu ulibe mlandu, mlandu uli ndi wousuta,” adatero azakhali. “Ine ndimati njoka ukaisunga m'nyumba, usadabwe ikaluma mwana. Takhala m'banja zaka pafupifupi 50, ndipo pa nkhani iyi yokha sitidagwirizanepo.”

Madokotala a matenda a maganizo amanena zomwezo m'chilankhulo chawo. Munthu amene wayamba kusuta chamba ali wamng'ono, namasuta pafupipafupi, amakhala pachiopsezo chachikulu chodwala misala kuposa wosasuta, makamaka ngati matendawa ali kale kumtundu, chifukwa ubongo umapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Si aliyense wosuta amene amadwala, koma palibe kholo limene lingadziwiretu kuti mwana wake ali mbali iti.

Usiku, azakhali atagona, malume adandiuza okha nkhani ina imene sindidaimvepo. M'zaka za m'ma 1990, banja lina la m'mudzimo lidabwera kwa iwo ndi mtsikana wodwala khunyu. Chipatala chidali kutali, mankhwala ankapezeka mwa apo ndi apo, ndipo anthu ankati mwanayo adalodzedwa. Malume adali atamva kuti chamba chimathandiza matenda akugwa. Adawapatsa. Makolowo adakhulupirira, naleka kuyenda mtunda wa kuchipatala. Patatha miyezi iwiri mtsikanayo adagwa akuphika, dzanja n'kulowa pamoto.

“Palibe amene adandiimba mlandu,” adatero. “Khoti lija lidandimanga pa mlandu umene ndimaukanabe. Pa mlandu uwu, umene ndikuuvomera, palibe adandimanga. Kuyambira tsiku limenelo sindidapatsenso munthu. Ndinkadziwa kuti mtengowu uli ndi mphamvu, koma sindinkadziwa muyeso wake, ngakhale matenda ake enieni. Ulembe zimenezo.”

Nditabwerera ku Blantyre ndidafufuza kuti ndione ngati malume ankalota. Sankalota, koma ankagwira njovu kumchira. M'chamba muli mphamvu zambiri, zodziwika kwambiri ndi ziwiri. Ina ndi THC, imene imaledzeretsa, ndipo adaipatula koyamba ndi Raphael Mechoulam ndi mnzake ku Israel mu 1964. Ina ndi CBD, imene siledzeretsa. Mu 1985 dziko la America lidavomereza mankhwala okhala ndi THC wopangidwa m'fakitale kuti azithandiza odwala khansa amene akusanza chifukwa cha mankhwala amphamvu, ndipo pambuyo pake adawalolanso kwa odwala Edzi amene akuonda posafuna kudya. Mu 2018 adavomereza mankhwala a CBD otchedwa Epidiolex a mitundu iwiri ya khunyu yosowa ndi yovuta kwambiri imene imayamba munthu ali mwana. Taonani kusiyana kwake: CBD woyeretsedwa, woyezedwa, wa mitundu yowerengeka ya khunyu, woperekedwa ndi dokotala. Chamba chathu chimene chidatchuka kunja ndi dzina loti Malawi Gold chidatchuka chifukwa cha ukali wake woledzeretsa, ndiye kuti mtsikana uja ankamwetsedwa kwambiri mbali imene sankaifuna. Mu Disembala 2020 nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo idachotsa chamba pamndandanda wa mankhwala oopsetsetsa amene amaonedwa ngati opanda ntchito kuchipatala, koma idachisiya pamndandanda wa ofunika kuwayang'anira mwamphamvu. Mwachidule, dziko lapansi lidavomereza malume ndi azakhali tsiku limodzi.

Lolemba m'mawa lidali tsiku lawo la kuchipatala. Tidawagoneka pamatiresi m'ngolo ya ng'ombe n'kunyamuka dzuwa lisadakwere. Chipatala cha Lisungwi ndi chimene chimathandiza anthu a kumunsi kwa Neno. Kuyambira mu 2007 unduna wa zaumoyo wakhala ukugwira ntchito m'bomali pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, ndipo kuyambira mu 2015 kuli dongosolo loti odwala matenda okhalitsa, kaya ndi HIV, kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu kapena khunyu, amaonedwa pamalo amodzi, pamzere umodzi. Wodutsa sangadziwe kuti uyu wabwerera chiyani. M'midzi muli azaumoyo amene amayendera mabanja khomo ndi khomo. Pamzere umenewo malume adandikodola n'kundilozera ndi maso mayi wina wa chipsera chachikulu padzanja, mdzukulu ali kumsana. Adali mtsikana uja. Amamwa mapiritsi tsiku lililonse, ndipo akuti patha zaka asadagwe. Adabwera kudzawagwadira malume n'kuwafunsa za msana.

Ife tidalowa kwa anamwino osamalira odwala matenda osachiritsika. Malume amalandira mofini wamadzi, wothetsa ululu waukulu. Namwinoyo adawafunsa za tulo, za chimbudzi, za chakudya, kenako adafunsa ngati pali china chimene akumwa kunyumba. Ine mtima udagunda. Malume adayankha mosabisa. Namwinoyo sadakalipe. Adalemba m'buku, nawauza kuti ziwirizi zikakumana m'thupi zimawonjezera tulo ndi chizungulire, choncho asamadzuke okha usiku, ndipo mofini asamuphonye nthawi yake. Kenako adakumbutsa azakhali kapimidwe kake, mzere umene mankhwala ayenera kulekezera, ndi maola ake.

“Mwana wanga,” adafunsa malume, “mankhwala amenewa amapangidwa ndi chiyani?”

“Amachokera ku utomoni wa duwa lina lotchedwa popi, agogo. Duwa lomwelo ndi limene anthu ena amapangira mankhwala ozunguza bongo oopsa kwambiri.”

Malume adakhala chete nthawi yaitali, botolo lili m'manja. Tili m'ngolo pobwerera ndi pamene adayankhula. “Wamva, mphwanga? Nawonso ndi mtengo. Umapha, umapengetsa, koma adaupima, adauika m'botolo, adalemba dzina langa. Boma lomwe lija lidandimanga likundimwetsa lokha. Chimene ndakhala ndikupempha zaka zonsezi n'chimenechi basi. Sindidapemphe kuti anyamata azisuta pamsika. Ndidapempha mzere uwu.” Adaloza ndi chikhadabo mzere wa pa kachipangizo kopimira mankhwala.

Kalatayo tidailemba madzulo omwewo. Adanena mawu ochepa kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo ndikuwapereka monga adanenera.

Choyamba, akupempha kuti akatswiri athu a ku Chitedze, a ku sukulu ya zamalimidwe ya LUANAR ndi a ku sukulu ya zaumoyo ya KUHeS afufuze chamba chathu chomwechi, anene poyera matenda amene chimathandiza ndi amene sichithandiza, ndipo chimene chapezeka chothandiza chifike m'chipatala cha boma chili m'botolo, cholembedwa ndi dokotala, kuti wodwala wa ku Lisungwi asamachite kusankha pakati pa ululu ndi ndende.

Chachiwiri, akuti chilolezo cha madola si cha mlimi wa kumudzi. Ngati mbewuyi ndi chuma cha dziko, mtengo wa chilolezo ukhale woti gulu la alimi a thonje lingaukwanitse, ndipo pasapezeke munthu wotolera ndalama kwa alimi asadaonetse msika.

Chachitatu, wogulitsa chamba kwa mwana alandire chilango chowawa, ndipo thandizo la achinyamata amene mitu yawo yasokonekera lizipezeka pafupi, banja lisadafike pomanga mwana ndi zitenje.

Chachinayi adachinena kawiri kuti ndisachiphonye. Munthu asasiye ma ARV, mapiritsi a khunyu, a shuga kapena a khansa chifukwa wina wamuuza kuti chamba chimachiza zonse. “Amene akukuuzani choncho akufuna ndalama zanu, kapena ndi mbuli ngati mmene ndidalili ine.”

Titamaliza ndidawawerengera. Azakhali adali pakhonde akusankha nyemba, ngati sakumva. Nditatseka kope adati, “Mfundo yachitatuyo ikhale yoyamba.” Malume adati ayi. Adakangana pang'ono, kenako adagwirizana kuti ndilembe kuti mayi wa pakhomopo akuti yachitatu ndiyo yoyamba. Ndalemba.

Ine ndidapita ku Lisungwi ndili ndi manyazi a mwana wa sukulu uja ankalozedwa zala. Kwa zaka zambiri ndinkati malume adatichititsa manyazi chifukwa cha chilakolako chimene adachiveka dzina la mankhwala. Sindinganene kuti ndabwerako ndili mbali yawo kwathunthu, poti msuweni wanga ndidamuona, dzanja la mayi uja ndidaliona. Koma ndidaonanso kuti zaka zonse zimene tinkaseka kapena kunong'ona, palibe amene adaphunzitsa malume muyeso, palibe amene adachenjeza msuweni wanga m'mawu oti angawamve, ndipo chamba sichidasiye kumera. Namwino uja, pofunsa funso limodzi n'kulemba yankho m'buku, adachita zimene khoti la 1986 silidathe.

Lachiwiri m'mawa ndidatsanzika. Azakhali adandimangira malambe ndi nkhuku. Malume adandigwira dzanja osalitaya msanga. “Ikatuluka unditumizire nyuziyo. Muli malo m'chitinimo.” Pa Zalewa wapolisi adatsegulanso chikwama, adaona malambe, adatembenuza masamba awiri a kope lija n'kundibwezera.

Pamene ndikulemba pano malume akadali moyo, koma sakutulukanso m'nyumba. Akonzi, kalata zawo zonse sizidayankhidwepo. Mukaipatsa malo iyi, ndidzakwera ndekha minibasi ya pa Wenela kukawawerengera.

Mphunzitsi wopuma,
Chilomoni, Blantyre